Lupanga la ku Japan: kuchoka m'chiuno kukalowa m'kabati

Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles amene analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, ndi anzawo a Rhodesian African Rifles amene anamenya nkhondo ku Arakan mu 1945, anakumana ndi mdani wodabwitsa. Nkhondo inali ya mfuti ndi ndege, koma akuluakulu a asilikali a Japan ankabwera atapachika lupanga m'chiuno. Chidacho chinali chitayenda kale zaka pafupifupi 1,000.

Malupanga oyambirira a ku Japan anali owongoka. Lokhota linayamba kuoneka m'zaka za m'ma 900, likusulidwira ankhondo okwera akavalo, ndipo linkatchedwa tachi. Chitsulo chake, tamahagane, ankachiyenga kuchokera ku mchenga wachitsulo m'ng'anjo yadothi yamakala. Wosula ankachipinda ndi kuchimenya mobwerezabwereza kuti zonyansa zituluke. Akamaliza ankapaka dothi lochindikala kumsana, lopyapyala kukamwa, n'kuliwotcha, n'kuliviika m'madzi. Kukamwa kunkauma gwa, kumsana kunkatsala kofewerapo, ndipo pakati pake pankatsala mzere woyera wonga mitambo, hamon. Mzerewu ndi umene akatswiri amauwerenga mpaka lero, chifukwa osula a ku Bizen ankautulutsa mosiyana ndi a ku Yamato, Yamashiro, Mino kapena Sagami, kwawo kwa Masamune wotchuka uja, amene ankasula cha m'ma 1300.

Nkhondo itasanduka yoyenda pansi, kunabwera katana, lalifupiko, lolowetsa mu lamba kukamwa kutayang'ana kumwamba. Apa mpamene panayambira mutu waukulu wa osonkhanitsa malupanga. Eni ma tachi akale ankawadula kumchira, mbali yolowa m'chogwirira, kuti afupike, ndipo dzina la wosula, limene limazokotedwa kumchirako, linkapita nacho chidutswa. N'chifukwa chake malupanga ambiri a Masamune alibe dzina. Panafunika anthu odziwa kuzindikira dzanja la mmisiri poyang'ana chitsulo chokha, ndipo ntchitoyi inagwera banja la Hon'ami, limene linkanola malupanga ndi kulemba zikalata zotchula wosula ndi mtengo wake. Mu 1719 banjali linalembera shogun Tokugawa Yoshimune, wolamulira dzikolo, mndandanda wa malupanga otchuka.

Pofika apo n'kuti wolamulira wina wam'mbuyomo, Toyotomi Hideyoshi, atalanda kale zida za alimi mu 1588, ndipo mtendere wautali wa ulamuliro wa Tokugawa unali utasandutsa lupanga chizindikiro cha ulemu. Luso lambiri linasamukira pa zokongoletsa: tsuba, kachimbale koteteza dzanja, menuki, tizithunzi tobisika pansi pa chingwe cha chogwirira, ndi fuchi ndi kashira, zovekera kumapeto kwa chogwiriracho. Banja la Goto linatchuka ndi shakudo, mkuwa wosakaniza ndi golide pang'ono umene umada bii akaukonza. Kunena zoona, ma tsuba ena ndi okoma m'maso kuposa malupanga amene anavekedwapo. Lamulo la 1876 litaletsa kuyenda ndi lupanga, asamurai osauka, ankhondo amene ankayenda nalo, anagulitsa zinthuzi motchipa, ndipo zambiri zinakathera ku Ulaya ndi ku America. Lero zina zili m'makabati a Victoria and Albert Museum ku London ndi Museum of Fine Arts ku Boston.

Malupanga amene agogo athu anaona ku Burma anali gunto, a usilikali. A masajeni, oyamba mu 1935, anali opangidwa ndi makina, okhala ndi nambala pachitsulo, ndipo ambiri chogwirira chake chinali cha aluminiyamu wopentedwa kuti azioneka ngati chingwe. A maofesala ankasiyanasiyana. Ambiri anali atsopano, ena okhala ndi chidindo cha ku Seki, koma pena ofesala ankatenga lupanga la makolo ake la zaka mazanamazana n'kuliveka zovala za usilikali. Ndiye m'chimake wooneka wamba mutha kubisala chuma, ngakhale kawirikawiri mumangokhala chitsulo cha m'fakitale.

Japan itagonja mu 1945, malupanga analandidwa ochuluka zedi. Ena anasungunulidwa, ena anaponyedwa m'nyanja, ena anapita ndi asilikali opambana. Honjo Masamune, lupanga la banja la Tokugawa, linaperekedwa ku polisi ya Mejiro ku Tokyo kumapeto kwa chaka chimenecho, ndipo silinaonekenso. Pofuna kupulumutsa otsala, mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la NBTHK, limene mpaka lero limayesa malupanga ndi kupereka zikalata za magawo monga Hozon ndi Juyo. Chikalata chotero chimakweza mtengo, pakuti mayina abodza anayamba kuzokotedwa kalekale, ndipo dzina lalikulu lopanda umboni limangowonjezera chikaiko.

Kuzindikira kumayamba ndi kachikhomo kansungwi kamene kamagwira chogwirira. Mukakakankha, chogwirira chimavuka, mchira n'kuonekera. Pamenepo katswiri amaona dzina, mizere ya tupa, chiwerengero cha mabowo, ndi mtundu wa dzimbiri: lakuda ndi losalala limasonyeza zaka zambiri, lofiira ndi la posachedwa. Munthu wodulira tiyi m'maesiteti a ku Honde Valley kapena Chipinge, amene mpeni wake sugona wosanola, atapatsidwa lupanga lotere angathamangire tupa ndi sandipepa, ndipo pa ntchito yake angakhale akulondola. Koma apa kupala dzimbiri la kumchira n'kufufuta umboni wa zaka zake, ndipo mtengo umagwa nthawi yomweyo. Ngakhale kukamwa kwenikweniko sanola munthu wamba. Ku Japan wonola malupanga amaphunzira zaka pafupifupi khumi, amagwiritsa ntchito miyala yosiyanasiyana motsatizana, ndipo lupanga limodzi limamutengera milungu.