Mankhwala othira mu simenti ndi ntchito yake

Kwa omanga nyumba m'zitunda za Masasa ku Mzuzu, komwe mvula imagwa yambiri, kulimba kwa khoma kumayambira kufakitale. Simenti amapangira clinker, yemwe ndi miyala ya laimu ndi dongo zowotchedwa pamoto wa madigiri 1,450, monga amachitira a Shayona ku Kasungu. Kuwotchako n'kumene kumatulutsa mpweya wambiri wa carbon dioxide.

Popera clinker amathiramo mankhwala ochepa a amine kapena glycol kuti ufa usakakamire m'chigayo, motero magetsi sapita ambiri. Mankhwalawa amathandizanso kuchepetsa clinker, m'malo mwake n'kuonjezera ufa wa laimu kapena phulusa la malasha. Clinker akachepa, mpweya woipawo umachepanso.

Nambala ya pathumba, 32.5 kapena 42.5, imasonyeza kulimba kwake pakatha masiku 28.