Tinkaseka Chiyani? Mbiri ya Nthabwala Zopanda Mutu, Kuchokera pa Bwalo Kufika pa Foni

Mwezi wathawu ndinali kumudzi ku Nambuma kukathandiza mayi kukolola. Madzulo ena tili pakhonde, mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 2, anayamba kuseka yekha foni ili m'manja, mpaka misozi. Nditamufunsa chomwe chamugwira, anangondipatsira foni ija. Kanali kakanema kakafupi, kozilala, kodulidwa kumutu ndi kumchira, koyenda pa WhatsApp. Amuna awiri akukangana. Pansi pake wina analembapo kuti "madala oseketsa", basi.

"Malume, madala amenewa ndi a pa TikTok?"

Ndinangoti kakasi. Anali Izeki ndi Jakobo.

Mwanayo alibe mlandu. Ndani anamuuza? Ndiye lero ndati ndilembe zomwe ndikudziwa za kumene nthabwala zopanda mutuzi zinachokera, chifukwa nazonso zili ndi mbiri, ndipo mbiri yakeyo ikutipulumuka m'manja ife tikuseka.

Dziko lopanda kanema

Inu obadwira pa foni, mwina simungakhulupirire kuti Malawi anakhala zaka 35 ali pa ufulu wodzilamulira koma wopanda wailesi ya kanema. Anzathu a ku Zimbabwe anayamba kuonera kanema mu 1960, a ku Zambia mu 1961, ku Kitwe. Ife nthawi yonse ya Kamuzu Banda tinali anthu a khutu. Television Malawi, yomwe tinkangoti TVM, inayamba mu April 1999, m'nthawi ya Bakili Muluzi.

Koma kusowa kanema sikunali kusowa zoseketsa za maso. Ife a kuno kwa Achewa tinali ndi bwalo. Za kudambwe sindilowako, si malo ake ano. Ndingonena zomwe aliyense woima pa bwalo amaona ndi maso ake. Kumatuluka Simoni, nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Kumatuluka Maliya. Kumatuluka chilombo chooneka ngati galimoto, china ngati ndege. Taganizani: mishoni ya Akatolika ya Nambuma inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers m'zaka za m'ma 1920, ndipo kwa zaka zambiri tchalitchi ndi gule sizinkamwerana madzi. Gule sanalembe kalata yodandaula. Anangotenga mayina ndi maonekedwe a alendowo n'kuwavinitsa pa fumbi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi, koma agogo athu ankadziwa kale kuti chinthu chimene sungachiyankhe ndi pakamwa ukhoza kuchisandutsa choseketsa.

Kenako kunabwera wailesi ya MBC ndi masewero ake: Kapalepale, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino. Banja lonse linkazungulira kawailesi kamodzi, mabatire atayanikidwa padzuwa masana kuti apeze mphamvu. Ochita zisudzo nthawi imeneyo ankayenda pa minga. Lamulo la 1968 loona za zosangalatsa linkafuna kuti sewero liyambe ladutsa ku bungwe lounika lisanaonetsedwe kwa anthu. Ndiye luso linali lonena chinthu osachinena. Chitsiru cha m'sewero chimatha kulankhula zomwe munthu wanzeru zake akanagona nazo m'chitokosi.

Batire, nsungwi ndi mpunga

Kanema woyamba amene ndinamuona m'dera lathu anali wa aphunzitsi ena, kakang'ono, kosaonetsa mitundu, koyendera batire ya galimoto. Batireyo inkapita pa njinga kukatchajitsa, ulendo wa tsiku lonse. Eriyo inali pamwamba pa nsungwi yayitali, ndipo mnyamata mmodzi ankaima panja n'kumapotoza nsungwiyo, ife m'nyumba tikukuwa kuti, "Pomwepo! Ayi, bwerera! Pomwepo!" Akaphonya pang'ono, pagalasi pankangodzadza timadontho tija tinkati mpunga. Wopotoza nsungwi sankaonera chilichonse. Malipiro ake anali akuti mawa lake tidzamufotokozera, ndipo pofotokozapo tinkawonjezera mchere wathu. Masewero ambiri amene ndimawakumbukira bwino, ndikaganiza, ndinawamva kangapo pakamwa pa anzanga kuposa momwe ndinawaonera.

Awiri aja

Izeki dzina lake lenileni anali John Nyanga, Jakobo anali Eric Mabedi. Onse anali a gulu la zisudzo la Kwathu, la ku Blantyre, lomwe linayamba kale m'zaka za m'ma 1980. Anatchuka pa siteji ndi pa wailesi kanema asanabwere, kotero pomwe tinkaona nkhope zawo koyamba, mawu awo tinali titawazolowera ngati a achibale.

Kamangidwe ka nthabwala zawo kanali kosavuta kukaona koma kovuta kukatsanzira. Jakobo ankabwera ndi nzeru za tsiku ndi tsiku, zomwe ine ndi inu tingavomereze. Izeki ankatenga mawu omwewo n'kuwatsatira mokhulupirika, phazi ndi phazi, mpaka kukafika nawo kuphompho. Sankaseka. Sankaonetsa kuti akudziwa kuti akunena zopanda mutu. Nkhope ili gwa, iye ndiye ankadabwa kuti mnzakeyo sakumvetsa bwanji chinthu chapafupi chonchi. Pofika kumapeto, wooneka wopenga ankakhala Jakobo, wanzeru uja, thukuta lili kamukamu.

Ndili mwana ndinkaseka Izeki. Nditakula ndinazindikira kuti ndinkaseka Jakobo, chifukwa Jakobo ndi tonsefe: munthu woima pa mzere ndi mapepala onse oyenera, akuuzidwa mwaulemu kuti abwerenso mawa ndi pepala lotsimikiza kuti anabwera lero.

Mbalame yakufa ndi nyama ya m'chitini

Ku vidiyo sho ya pamsika tinkaonera Mr Bean, munthu wamkulu wa jekete ndi tayi amene mutu wake unakanirira m'kati mwa nkhukundembo ya pa Khirisimasi. Rowan Atkinson anangopanga zigawo 15 za pulogalamuyi, kuyambira 1990 mpaka 1995, koma poti simunkafunika Chingelezi, inafika mpaka kwathu.

Ndili ku koleji m'pamene mnzanga anandionetsa Monty Python's Flying Circus, pulogalamu ya BBC yomwe inayamba mu October 1969 n'kutha mu 1974, zigawo 45. Amene amadziwa za nthabwala za pa kanema amaitchula ngati kholo la zopanda mutu. Muli sewero lina lomwe John Cleese akubweza mbalame yolankhula ija, chinkhwe, kusitolo chifukwa anamugulitsa yakufa, koma wogulitsa, Michael Palin, akukanitsitsa kuti mbalameyo yangogona. Muli lina la unduna wa boma womwe ntchito yake ndi yothandiza anthu kupeza mayendedwe opusa, ndipo mkulu wa ku undunako akudandaula kuti ndalama zomwe amalandira n'zochepa. Muli linanso la malo odyera omwe pafupifupi chakudya chilichonse chili ndi nyama ya m'chitini yotchedwa Spam, ndipo dzinalo likubwerezedwa mpaka kumiza zokamba za ena onse. Mauthenga osafunika amene amadzadza mu imelo yanu amatchedwa spam chifukwa cha sewero limenelo. Eetu, nthabwala ya 1970 ili m'foni mwanu.

Ndinaseka, inde. Koma sindinaone chachilendo. Wogulitsa mbalame uja ndi Izeki, wobweza mbalame ndi Jakobo. Unduna wa mayendedwe opusa ukanatha kutuluka pa bwalo la kwathu, fumbi lili koboo. Mnzangayo ankati ife Amalawi tilibe nthabwala zozama ngati zimenezi. Ndinamuyankha kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsiku lomwe tinaphika seloshiti

Ndili Sitandade 7, ine ndi anzanga atatu tinapatsidwa mpata wochita sewero pa tsiku lotsekera sukulu. Tinkafuna kukhala ngati Izeki ndi Jakobo. Kwathu ndi kwa fodya, zigafa mbali zonse, ndiye nkhani sitinaisake patali.

Bambo wa m'sewero akubwera kuchokera ku okushoni. Mkazi ndi ana akumulandira ndi nthungululu. Iye akutulutsa m'thumba chipepala chija amati seloshiti, n'kuyamba kuwerenga: ya thiransipoti achotsa, ya ziguduli achotsa, ngongole ya feteleza achotsa, msonkho achotsa. Chotsala palibe. Mkaziyo, yemwe anali mnzanga wina atavala chitenje cha mayi ake, sanalire. Anangolandira chipepalacho ndi manja awiri, n'kuchitsuka, kuchiduladula, kuchiika mumphika, kuthira mchere ndi matimati. Banja linakhala pansi n'kuyamba kudya. Ine ndinali mwana wolira kuti mkulu wanga wanditengera nthuli ya msonkho, yomwe ndi yonona.

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Koma ndikuyang'ana m'gulumo ndinaona bambo anga. Anaseka pang'ono, kenako anavula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati. Chaka chimenecho fodya wathu sanatipatse kanthu, ndipo mlongo wanga anali atakhala pakhomo teremu yonse chifukwa cha fizi. Pobwerera kunyumba sanandikalipire. Anangoti, "Iwe, ndiwo zija zinachepa mchere." Mawu okhawo ndi amene anayankhulapo za chaka chimenecho, mpaka anamwalira.

Kuyambira tsiku limenelo sindinanenenso kuti nthabwala zopanda mutu n'zachibwana. Zimanyamula katundu amene mawu olongosoka amakanika kusenza.

Sewero litatuluka m'galasi

Pa TVM pomwepo panalinso Tikuferanji, sewero lomwe bungwe la ADRA linkakonza pofuna kuphunzitsa anthu za Edzi pa nthawi yomwe maliro anali tsiku ndi tsiku. Mutu wake wokha ndi funso lolemera, koma anthu ankathamangira kukaonera chifukwa cha Manganya, munthu wamakani, wodziwa zonse, wosagonja ngakhale zitavuta. Tinkaseka, uthenga n'kulowa.

Tsono tamverani mmene mbiri inapotokera. Michael Usi, yemwe ankasewera Manganya, anadzakhala nduna mu 2020, ndipo mu June 2024 analumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Bon Kalindo, Winiko uja, anasankhidwa kukhala phungu wa kummwera kwa Mulanje mu 2014. Mukanatiuza zimenezi tili pansi m'nyumba ya aphunzitsi ija, tikanati mwayamba za Izeki.

Ndisakunamizeni kuti nthabwala nthawi zonse zimaima ndi anthu wamba. M'nthawi ya Bingu wa Mutharika, wailesi ya MBC inali ndi pulogalamu ya Makiyolobasi, yomwe inkanyogodola atsogoleri otsutsa boma. Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka, koma apa mwini mphamvu ndiye ankaseka amene akulimbana naye, pa wailesi yoyendera misonkho ya tonse. Mkangano wa kukondera kwa nyumba zoulutsira mawu za boma unakula mpaka aphungu otsutsa, omwe anali ambiri m'Nyumba ya Malamulo, anamana MBC ndi TVM ndalama za mu bajeti. Choncho pomva nthabwala ndi bwino kufunsa kuti akusekedwayo ndani, ndipo woseketsayo akudya kwa yani.

Matepi ali kuti?

John Nyanga, yemwe kumapeto kwa moyo wake anali m'busa, anamwalira mu 2016. Eric Mabedi anatsatira mu 2021. Awiri aja kulibenso.

Ku Britain, BBC inali ndi chizolowezi chofufuta matepi akale kuti ijambulirepo zina, ndipo mapulogalamu ambiri a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anatayika choncho. Monty Python inapulumuka, n'chifukwa chake lero mwana wa ku London akhoza kuonera mbalame yakufa ija, n'kudziwa chaka chake, olemba ake ndi osewera ake. Mwana wa ku Nambuma ali ndi kachidutswa kopanda dzina, kopanda chaka, kolembedwa kuti "madala oseketsa".

Sindikudikira kuti wina wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre atikonzere zimenezi. Pali zomwe ine ndi inu tingathe. Ngati kwanu kuli kaseti kapena CD yakale m'sutikesi ya malume, musaitaye. Pezani woti aisamutsire pa kompyuta. Mukamatumiza kakanema, lembani mayina enieni a osewerawo, sizidya bandulo. Ndipo mukapita kumudzi, funsani akuluakulu sewero lomwe linawaseketsa kwambiri, muwajambule mawu akufotokoza. Adzawonjezera mchere wawo, ngati momwe ife tinkachitira ndi wopotoza nsungwi uja, koma imeneyonso ndi mbali ya mbiriyi.

Usiku uja pakhonde ndinamuuza mwana wa mlongo wanga mayina onse awiri, ndipo ndinamufotokozera za seloshiti. Mayi ake, yemwe ndi mlongo wanga uja anakhala pakhomo teremu yonse, anali akupala moto chapafupi. Sanatembenuke. Anangoti, "Umuuzenso kuti chitenje chomwe anavala mnzako uja anabwereka kwathu, ndipo mpaka lero sanabweze."

Tinaseka mpaka agalu a kwa aneba anayamba kuuwa. Mtsikanayo anatenga foni, n'kufufuta mawu aja akuti "madala oseketsa", n'kulemba kuti: John Nyanga ndi Eric Mabedi. Kenako anatumiza ku gulu la kalasi yawo.