Mbiri ya Kalembera wa Mbuna

Madzi amene timawaona pamlatho wa Liwonde, pamene Shire amalekanitsa maboma a Machinga ndi Balaka, amachokera m'Nyanja ya Malaŵi nadzera m'nyanja ya Malombe. Tikatsata madziwa kumtunda mpaka kuzilumba za Domwe, Mumbo ndi Thumbi m'boma la Mangochi, tipeza tinsomba tamawangamawanga totchedwa mbuna. Timakhala m'mapanga a miyala, ndipo tambiri timadya ndere zomera pamiyalapo. Mbuna yaikazi imafungatira mazira ake m'kamwa kufikira ataswa.

M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa ku Britain, Geoffrey Fryer, adafufuza moyo wa nsombazi ku Nkhata Bay. Pambuyo pake gulu lotsogozedwa ndi Anthony Ribbink lidayendera magombe amiyala ndi zilumba zambiri za nyanjayi, ndipo zimene lidapeza zidasindikizidwa mu 1983. Anthuwa ankamira pansi pamadzi atabereka mabotolo a mpweya, n'kuyala chingwe pamiyala, n'kumawerenga nsomba za mtundu uliwonse zopezeka m'mbali mwa chingwecho.

Kalembera ameneyu adaulula chinthu chodabwitsa. Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, motero mitundu yambiri imapezeka pachilumba chimodzi chokha. Mtundu wotere ukatha pamenepo, ndiye kuti watha padziko lonse lapansi.

Mu 1980 boma lidakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo lamulo lidaletsa usodzi m'madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la malowa. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse.

Komabe lamulo lolembedwa papepala silitchinga ukonde. Asodzi ena, chifukwa cha umphawi, amalowabe m'madzi oletsedwawo. Nkhalango zikadulidwa, mvula imakokolola dothi lomwe limakwirira miyala ndi ndere, mbuna n'kusowa chakudya. Munthu woima pagombe saona zimenezi, pakuti pamwamba nyanja imaoneka chimodzimodzi chaka ndi chaka. Wozindikira kuti nsomba zikuchepa ndi yekhayo wobwerera pamwala womwewo, kuwerenganso, ndi kuyerekeza ndi zimene anzake adalemba kale.

Ife a kuno kumunsi tili ndi chitsanzo chowawa. Malombe idali nkhokwe ya chambo, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chidachepa kwambiri chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, ndipo kambuzi ndiye adatsala wochuluka. Makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi adayamba kumeneko mu 1993, zinthu zitaipa kale. Akuluakulu adati madzi akatayika sawoleka.

Choncho kuwerenga mbuna si masewera a anthu ophunzira. Mlimi wanzeru amasuzumira m'nkhokwe mwake nthawi ndi nthawi kuti adziwe ngati anankafumbwe alowamo. Nafenso tiyenera kusuzumira pansi pa nyanja yathu. Ntchitoyi idayambidwa ndi alendo, koma miyalayo ndi yathu, ndipo pakati pa inu ophunzira payenera kutuluka oipitiriza.