Kuona nkhope: mbiri ya kuzindikira akufa

Kwathu kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuyambira padooko la Kachulu mpaka kwa Kuntumanji, maliro sanyamuka anthu asanaone nkhope. Adzukulu amatsegula bokosi, abale n'kumadutsa mmodzimmodzi, kenaka mudzi wonse. Ambiri timayesa kumeneku n'kutsanzikana chabe. Ine ndimati ndi umboni. Aliyense wodutsa pamenepo akuvomereza kuti amene tikukamuika ndi uje mwana wa uje, ndipo thupi lake lili chonchi.

Mwambowu umayenda bwino munthu akafera pamphasa. Panyanja ndiye pamavuta. Asodzi a matemba ndi milamba amachokera kutali, ena ku Mulanje, ena ku Mozambique, ndipo amatha miyezi ali m'zimbowera pakati pa mabawe, akudziwana ndi maina ocheza okhaokha. Ndili mnyamata ndinaonako mtembo wa msodzi utavuulidwa patapita masiku anayi, nyengo yotentha. Nkhope inali itatupa, khungu la m'manja litayamba kuvuka. Anzake anati malaya ndi akewo, koma kwawo panalibe wokudziwa. Amfumu anapereka malo kumanda, tinamuika. Mwina mayi wake anafa akuyang'anabe kunjira.

Makolo athu anali ndi njira zawo. Nkhope ikaonongeka ankayang'ana mphini, chipsera cha moto wa paubwana, dzino loguluka, mwendo umene unathyokapo. Sikuti anali kutali ndi madokotala a lero ayi. Mfundo yake ndi imodzi yomweyo: kufananiza zimene zapezeka pamtembo ndi zimene zinkadziwika munthuyo ali moyo. Popanda chofananiza nacho, ngakhale katswiri wa ku London angogwira njakata.

Mbiri ya dziko lino ili ndi phunziro lalikulu pankhaniyi. Pa 3 Febuluwale 1915 asilikali a boma la atsamunda anaombera John Chilembwe chakufupi ndi malire a Mozambique, mtembo n'kupita nawo ku boma la Mulanje. Mzungu amene anauyang'ana analemba za jekete, thalauza, nsapato zakuda ndi mandala amene anabwera pamodzi ndi mtembowo. Kenaka anauika mobisa, pamalo opanda chizindikiro, kuopa kuti anthu angamapiteko. Zotsatira zake? Kwa zaka zambiri anthu m'midzi ankanena kuti Chilembwe sanafe, anathawa, adzabweranso. Nanga akanakhulupirira bwanji, nkhope sanaione? Ndipo zovala, abale, ndi umboni wofooka. Jekete amabwerekana, mandala amatoleka.

Nthawi imeneyo n'kuti kunja atapeza kale njira yodalirika. Mu 1858 William Herschel, wogwira ntchito m'boma la Angerezi ku India, anayamba kudinditsa anthu dzanja pamapepala a mgwirizano. Mu 1892 Francis Galton anatulutsa buku losonyeza kuti timizere ta kunsonga kwa zala sitisintha kuyambira paubwana mpaka paukalamba. Chaka chomwecho ku Argentina, njira ya wapolisi Juan Vucetich inagwiritsa mayi wina amene anapha ana ake n'kunamizira mnansi wake: chala chake chamagazi chinatsala pachitseko. Pofika 1901 apolisi a Scotland Yard anali atatsegula ofesi yosunga zidindo za zala. Ngakhale mapasa obadwa ofanana ndendende, zala zawo zimasiyana.

Kuno kwathu chala chinafika ndi ulendo wa kumigodi. Azigogo athu olembedwa ndi Wenela ankadinda chala chachikulu pakontalakiti asanapite ku Johannesburg. Chidindocho chinkathandiza kampani kudziwa wantchito wake komanso kugwira wothawa. Mlimi wotsala kuno ku Mwambo panalibe amene ankasunga chala chake.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri inadutsa pakhomo pathu penipeni. Pa 17 Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, David Chiwanga, anaimitsidwa ndi apolisi pamlatho wa Likangala ku Zomba akuchokera ku Nyumba ya Malamulo. Likangala yemweyu amene amathira m'nyanja yathu. Usiku umenewo anagona m'ndende ya Mikuyu, pachigwa chino pakati pa tauni ndi nyanja. Tsiku lotsatira anaphedwa ku Mwanza, pamsewu wa ku Thambani. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Mitembo inafika kwa eni ake m'mabokosi otseka, ndi lamulo loti asatsegule.

Apa maina ankadziwika. Chimene chinkabisidwa ndi chimene thupi likananena, pakuti bala la ngozi ya pamsewu ndi bala la nyundo sizifanana. Oletsa kuona nkhope aja ankadziwa bwino lomwe kuti mwambo wathu ndi khoti. Zinatenga zaka 11 kuti mu 1994 boma latsopano likhazikitse bungwe lofufuza motsogozedwa ndi Jaji Michael Mtegha, limene linapeza kuti anayiwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Mlandu unazengedwa, ndipo mu Disembala 1995 khoti linapeza Dr Banda ndi a John Tembo osalakwa. Umboni ukachedwa umazilala, mboni zina zimamwalira, zina zimaiwala.

Masiku ano akatswiri, potsatira ndondomeko ya Interpol, amadalira zinthu zitatu: zala, mano ndi DNA. Zovala, zipsera, mphini ndi zam'thumba amaziika m'gulu lachiwiri, zongolozera njira. Kuzindikira ndi maso okha sakukhulupirira kwenikweni, chifukwa munthu wachisoni amatha kuloza mtembo wa wina kuti ndi mwana wake. Pakatsala mafupa okha, chiuno chimanena ngati anali mwamuna kapena mkazi, fupa la ntchafu limapereka msinkhu, mano ndi malumikizidwe a mafupa zimapereka zaka mongoyerekeza. Zimenezi zimangochepetsa chiwerengero cha anthu oganiziridwa, dzina sizipereka. Mano nawo amafuna kuti munthu anapitako kwa dokotala wa mano n'kulembedwa m'kaundula. Ndi asodzi angati a pa Chisi amene ali ndi kaundula wotere?

DNA ndiyo inasintha zinthu. Alec Jeffreys wa ku Leicester anatulukira njirayi mu 1984, ndipo itagwiritsidwa ntchito koyamba pamlandu wakupha mu 1986, inayamba ndi kupulumutsa mnyamata amene anali atavomera mlandu wosapalamula. Munthu amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, choncho fupa la womwalira likhoza kufananizidwa ndi malovu a mwana wake. Koma chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti pali mtundu wina wa DNA umene umayenda kuchikazi kokha, kuchoka kwa gogo kupita kwa mayi mpaka kwa ana. Mwini mbumba ndi mwana wa mlongo wake amakhala nawo wofanana. Anyanja, Ayao ndi Alomwe a kuno, amene timawerenga mtundu kutsata bere, sayansi inatipeza tili kale pamzere. DNA imeneyi siisiyanitsa ana a mayi mmodzi, koma imaloza mbumba yoyenera kulira malirowo.

Mu 2017 boma kudzera ku National Registration Bureau linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndi kujambula nkhope ndi zala zawo. Kwa nthawi yoyamba mlimi wamba ali ndi chofananiza nacho. Komabe namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa 500 anangolembedwa kuti asowa, monga momwe ambiri anasowera pa napolo wa ku Phalombe mu 1991. Matope ndi madzi sizidikira, khungu la zala limaonongeka m'masiku owerengeka.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Makomiti a m'madooko alembe msodzi aliyense wolowa panyanja: dzina lenileni, mudzi, mfumu, ndi wachibale mmodzi. Mtembo wosadziwika ukapezeka, apolisi ndi achipatala aujambule, alembe zipsera ndi mano, asunge zovala, ndipo manda ake aikidwe chizindikiro kuti abale akadzabwera, kaya patapita zaka khumi, adzapeze poyambira. Kope limodzi ndi cholembera sizingatisaukitse. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.