Dothi, Tauni ndi Chiyankhulo: za Mbiri ya Kafukufuku Wothandizana m'Zambia ndi m'Malawi

Masiku ano sukulu zambiri za ukachenjede zili ndi maphunziro amene amasonkhanitsa ophunzira a sayansi ya zomera, a zachuma, a mbiri ndi a chikhalidwe cha anthu kuti aunike pamodzi mavuto a chilengedwe ndi a m'matauni. Ena amayesa kuti njira imeneyi ndi yachilendo, yobwera dzulodzuloli kuchokera kutsidya la nyanja. Mu nkhani ino tifuna kusonyeza kuti kuno kwathu, pakati pa mtsinje wa Zambezi ndi nyanja ya Chilwa, njirayi inayamba sukulu zoterezi zisanamangidwe n'komwe, ndi kutinso chiyankhulo, chimene chinasenza gawo lalikulu la ntchitoyo, chinachedwa kupatsidwa mpando wake pabwalo.

Tiyambire ku Livingstone. Mu 1935 anthu a m'migodi ya mkuwa ku Copperbelt ananyanyala ntchito, ndipo boma la atsamunda linadzidzimuka pozindikira kuti silinkawadziwa anthu amene linali kuwalamulira m'matauni atsopanowo. Patapita zaka ziwiri, mu 1937, linakhazikitsidwa bungwe la kafukufuku la Rhodes-Livingstone Institute. Mtsogoleri wake woyamba, Godfrey Wilson, anapita kukakhala pakati pa antchito a mgodi wa mtovu ndi zinki ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Eni mgodi sanakondwere kuona mzungu akucheza ndi antchito m'makomboni. Anamulanda chilolezo, ndipo mu 1941 iye anatula pansi udindo. Max Gluckman, amene analowa m'malo mwake, anasindikiza dongosolo la kafukufuku wa zaka zisanu ndi ziwiri mu 1945. Mutu wa ganizo lake unali wakuti mudzi ndi mgodi si maiko awiri ayi: mnyamata amene wapita kukakumba mkuwa ndi munda umene wausiya wopanda wodula mitengo ndi nkhani imodzi, kotero kuti katswiri mmodzi sangaimalize yekha.

Pa za dothi ndi minda, amene anatsegula njira anali Colin Trapnell, katswiri wa zomera, amene m'zaka za m'ma 1930 anayendera pafupifupi dziko lonse la Northern Rhodesia, nthawi zambiri wapansi. Iye anaona kuti mlimi wa kumudzi amadziwa mphamvu ya dothi poyang'ana mitengo ndi udzu umene wamera pamenepo, ndipo njira yomweyo ndiyo anaitsata polemba mapu ake. William Allan, wa ku dipatimenti ya malimidwe, anapitiriza ntchitoyi powerengera chiwerengero cha anthu amene dera lingawadyetse popanda kuguga. Funso limeneli linali lowawa kwambiri chakum'mawa, kufupi ndi Fort Jameson, lero Chipata, kumene Achewa ndi Angoni anapanikizidwa m'malo ochepa pamene dziko lalikulu linapatsidwa kwa kampani ya North Charterland. Mu 1945 Allan, Trapnell, Gluckman ndi D. U. Peters anagwirira ntchito pamodzi pakati pa Atonga a ku Mazabuka, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1948.

Pamenepa ife a ziyankhulo tiyenera kuima pang'ono. Mlimi amene ankaphunzitsa Trapnell sankayankhula Chingerezi kapena Chilatini. Nzeru yonse ya dothi inadutsa m'mayina: dzina la mtengo, dzina la udzu, dzina la munda. Umboni wake ulipo mpaka lero m'mabuku a sayansi a dziko lonse, m'mene mau akuti dambo, miombo ndi chitemene amalembedwa osamasuliridwa chifukwa Chingerezi chinalibe ena olowa m'malo mwake. Koma mau akasamuka amasiya katundu wina m'mbuyo. Kwa katswiri wa nthaka, dambo ndi chigwa chosaya, chopanda mitengo, chodikha madzi m'nyengo ya dzinja. Kwa mayi wa ku Dedza kapena ku Katete, dambo ndi kumene kuli dimba lake la mpiru, kumene ng'ombe zimadya m'chilimwe, kumene amamweta udzu wofolera, ndiponso kumene amfumu ali ndi mau pa kagawidwe ka malo. Sayansi inatenga maonekedwe a malowo, nisiya anthu ndi malamulo awo.

Ku matauni nkhani inali yomweyo. J. Clyde Mitchell, amene poyamba anafufuza za midzi ya Ayao ku Nyasaland, anasindikiza mu 1956 kabuku kake ka gule wa kalela, amene anamuonera ku Luanshya. Ovina, anyamata achibisa ovala mwaudongo ngati azungu, ankaimba m'Chibemba cha m'tauni nyimbo zoseka mitundu ina, ndipo pa nyimbozo Mitchell anamangapo mfundo yake yakuti mtundu wa munthu umatanthauza china m'tauni, china kumudzi. Nyimbozo anazilemba ndi Sykes Ndilila, mmodzi wa Aafirika ambiri othandiza pa kafukufuku, amene ankayenda nyumba ndi nyumba m'makomboni akufunsa mafunso m'ziyankhulo zingapo. Lyn Schumaker, m'buku lake la mu 2001, anasonyeza kuti popanda anthu amenewa bungwelo silikanapita patali. A. L. Epstein analemba mu 1959 nkhani ya mau atsopano a ku Copperbelt, koma iye anali katswiri wa malamulo ndi chikhalidwe, wochita za chiyankhulo mongodutsa.

Tikayang'ana m'mbuyo tiona mpata umene akatswiri amenewa anausiya. Chilengedwe ankachifufuza kumudzi. M'tauni ankafufuza anthu okha, ngati kuti tauni ilibe dothi, madzi ndi mpweya. Wilson anawerengera malipiro, maukwati ndi zovala za anthu a ku Broken Hill, pamene fumbi la mtovu linali kugwera m'mabwalo amene ana ankaseweramo. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'dothi, ndipo Kabwe anatchuka monga umodzi wa mizinda yoipitsidwa koposa pa dziko lapansi. Ku Mufulira anthu a ku Kankoyo anali ndi dzina lawo, senta, la utsi wotsamwitsa wochokera kosungunulira mkuwa. Dzina likakhalapo ndiye kuti anthu analiona vutolo ndi kulikambirana kale.

Kumene mbali ziwirizi zinakumana bwino ndi ku Gwembe. Damu la Kariba lisanatseke Zambezi kumapeto kwa 1958, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder anayamba mu 1956 kufufuza za Atonga a m'chigwa, amene pafupifupi 57,000 a iwo anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje. Colson anayang'ana za mabanja ndi ulamuliro, Scudder za minda ya m'mbali mwa mtsinje ndi zomera zakuthengo zodyedwa pa njala.

Ufulu utabwera, ntchitoyi inalowa m'sukulu za ukachenjede. Yunivesite ya Zambia inatenga bungwe lija, ndipo mu 1971 linatchedwa Institute for African Studies. Kumeneko ndiko chiyankhulo cha m'tauni chinayamba kufufuzidwa ndi mwini wake. Mubanga Kashoki anafotokoza maonekedwe a Chibemba cha m'tauni mu 1972, ndipo mu 1978 iye ndi Sirarpi Ohannessian anatulutsa buku la Language in Zambia, m'mene Robert Serpell anayesa m'mene ana a sukulu a ku Lusaka ankamvera Chinyanja. Kuchokera pamene bungwelo linayamba panali patapita zaka makumi anayi.

Ku Malawi chitsanzo chachikulu ndi nyanja ya Chilwa. Yunivesite ya Malawi itangoyamba kuphunzitsa mu 1965, aphunzitsi ake anayambitsa mu 1966 kafukufuku wothandizana wa nyanjayi, amene anatha zaka khumi. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mu 1968 inaphwa, akatswiri ali pomwepo ndi zida zawo. Anaona nsomba zikuthawira m'mitsinje ndi m'zithaphwi, asodzi akubalalika kukafuna ntchito zina, kenaka madzi akubwerera, matemba, milamba ndi makumba n'kuswananso. Zotsatira zake zinatuluka mu 1979 m'buku lokonzedwa ndi Margaret Kalk, A. J. McLachlan ndi C. Howard-Williams, lokamba za madzi, zomera, nsomba, ndi chuma cha anthu a m'mbali mwa nyanja.

Chaka chomwecho cha 1968 ndicho Chichewa chinalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 linakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board. Mphamvu za bungweli zinapita kwambiri pa kalembedwe ndi pa kuweruza mau oyenera ndi osayenera. Sitikunyoza ntchito imeneyo, pakuti sukulu zinkaifuna. Komabe pa gombe la Kachulu, mtunda wosatalika kuchokera ku Zomba kumene Chancellor College inasamukira mu 1973, Alomwe, Ayao ndi Anyanja ankagulitsana nsomba tsiku ndi tsiku, ndi mau awoawo a mphepo, a maukonde, a mabango, ndi a zimbowera, timisasa ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama. M'buku la 1979 chiyankhulo chimaonekera makamaka m'mayina a nsomba ndi a zida zophera. Nyanjayi inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linaumanso. Ena mwa asodzi amene anaona kuphwa kwa 1968 anali adakali moyo, okhoza kufotokoza m'chiyankhulo chawo zizindikiro zimene akulu awo ankaonera kuti madzi ali pafupi kuchoka.