Chiwewe kumunsi kwa Dedza

Chiwewe ndi matenda oyamba ndi kachilombo ka vairasi kamene kamawononga ubongo. Kachilomboka kamakhala m'malovu a nyama yodwala, ndipo munthu amakatenga akalumidwa, akakandidwa, kapena nyamayo ikamunyambita pabala. Mwa anthu 100 odwala chiwewe, pafupifupi 99 amachitenga kwa galu. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, makamaka mu Africa ndi ku Asia.

Midzi ya ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka ili pakati pa nyanja ya Malawi ndi mapiri a Dedza, moyandikana ndi nkhalango ya Mua-Livulezi. Agalu ambiri samangidwa, ena amapita ndi eni ake kokasaka, motero amatha kukumana ndi ankhandwe ndi afisi, nyama zimene nazonso zimagwidwa chiwewe. Ana ndiwo amalumidwa kwambiri, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ena amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Kawirikawiri zizindikiro zimaoneka patatha miyezi iwiri kapena itatu: kutentha thupi, kunyerenyetsa pabala, kusokonezeka mutu ndi kuopa madzi. Zikafika apa, wodwala sachira. N'chifukwa chake bala liyenera kutsukidwa nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako wolumidwayo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, ngakhale bala litachepa bwanji.

Katemerayu anayamba ndi Louis Pasteur mu 1885. Agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa katemera chaka ndi chaka, matendawa amaleka kufala m'dera. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ambirimbiri ku Blantyre mu 2015.