Mathero amene nduna zinadula

Ku Egypt boma silinkaletsa filimu iliyonse yodzudzula nkhanza. Linkayamba laona kuti nkhanzazo ndi za yani. Mu 1975 Ali Badrakhan anatulutsa Al-Karnak, yochokera m'buku la Naguib Mahfouz, yoonetsa apolisi achinsinsi akuzunza ophunzira a pa yunivesite mu ulamuliro wa Gamal Abdel Nasser. Boma linailola. Pajatu Nasser anali atamwalira mu 1970, ndipo Anwar Sadat, amene analowa m'malo mwake, zinamukomera kuti anthu aone zoipa za malemuyo.

Zinasiyana ndi Al-Bari', kutanthauza wosalakwa, ya Atef El-Tayeb, imene inatuluka mu 1986 m'nthawi ya Hosni Mubarak. Ahmed Zaki akusewera ngati mnyamata wa kumudzi wosadziwa kuwerenga, amene amutenga usilikali n'kumuika kulondera ndende ya m'chipululu. Amuuza kuti akaidiwo ndi adani a dziko, iye n'kukhulupirira, mpaka kupha mmodzi ndi mtima woyera. Kenaka tsiku lina pakati pa akaidi atsopano akupezamo mnzake wa kwawo, wophunzira amene ankamutsegula maso. Mathero enieni anali akuti mnyamatayo akutembenuzira mfuti kwa akuluakulu ake. Nduna ya zachitetezo, ya zam'dziko ndi ya zachikhalidwe zinaionera filimuyi isanatuluke, ndipo mathero amenewo anadulidwa. Mantha awo sanali achabe: mu February chaka chomwecho anyamata olembedwa mokakamiza m'gulu la apolisi anaukira ku Cairo. Filimu yathunthu inadzaonetsedwa mu 2005, Zaki atamwalira.

Apa ndiye pagona chidwi cha anthu osonkhanitsa zinthu zakale za kanema. Kope losadula la filimu yotere ndi umboni wa chimene boma linkaopa, ndipo ine ndimaona kuti limanena zambiri kuposa mabuku a mbiri a kusukulu. Enanso amasaka mapepala otsatsa mafilimu, ojambulidwa pamanja ndi kusindikizidwa ku Cairo. Mapepalawa sanapangidwe kuti akhalitse. Ankamatidwa pakhoma, filimu ikatha n'kung'ambidwa, choncho otsala ndi ochepa. Abboudi Abou Jaoude, wosindikiza mabuku wa ku Beirut, anatolera zikwizikwi za mapepala otere poyendera nyumba zakale zoonetsera kanema m'maiko a Aluya, pamene eni ake ankawaona ngati zinyalala.